Pogona ku Walt Disney World: Hotela Yapakati Kapena Yapamwamba?

Banja lomwe latsimikiza zokacheza ku Walt Disney World, dera lalikulu la mapaki azisangalalo kufupi ndi mzinda wa Orlando m'chigawo cha Florida ku America, limayamba kulimbana ndi nkhani ya pogona lisanaganize n'komwe za matikiti olowera m'mapaki, chifukwa pogona ndi pomwe pamalowa gawo lalikulu la ndalama za ulendo wonse. Kampani ya Disney inagawa mahotela ake m'magulu: otsika mtengo omwe imawatcha Value, apakati omwe imawatcha Moderate, ndi apamwamba omwe imawatcha Deluxe. Munthu amene thumba lake ndi loperewera savutika kusankha, ndipo amene ndalama si vuto kwa iye savutikanso. Amene amagwira njakata ndi munthu wapakati, yemwe wasunga ndalama kwa nthawi yaitali, angathe kufikira hotela yapamwamba atadzimana zina, koma akufuna kudziwa ngati kudzimanako kuli ndi phindu.

Mitengo imasinthasintha malinga ndi nyengo: imakwera kwambiri pa Khirisimasi ndi pa Isitala, n'kutsika kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala ana a ku America akabwerera kusukulu. Nthawi zambiri chipinda cha hotela yapakati chimakhala pakati pa madola 250 ndi 400 usiku umodzi, pomwe cha hotela yapamwamba chimayambira cha m'ma 500 ndipo ku Grand Floridian, imodzi mwa mahotela apamwambawa, chimatha kupitirira 800. Pamwamba pa mitengoyi pamabwera msonkho wa 12.5 peresenti. Choncho banja logona masiku 6 likhoza kupeza kuti kusiyana kwa magulu awiriwa kwafika madola 1,500 kapena 2,000, ndalama zomwe zikhoza kulipira chakudya cha banja lonse pa ulendowo.

Wofuna kulungamitsa ndalama zimenezi poyang'ana chipinda chokha adzakhumudwa. Chipinda wamba cha hotela yapakati n'chachikulu masikweya mita pafupifupi 29, cha ku Grand Floridian pafupifupi 41, koma cha ku Wilderness Lodge kapena ku Animal Kingdom Lodge, omwe alinso m'gulu lapamwamba, chimangofika cha m'ma 32. Zipinda zambiri m'magulu onse awiri zili ndi mabedi awiri akuluakulu, kafiriji ndi makina oziziritsa mpweya. Kusiyana koonekeratu n'kwakuti m'mahotela ambiri apakati chitseko chimatsegukira panja pa khonde loyendamo aliyense, ndipo mlendo alibe khonde lakelake, pomwe m'mahotela apamwamba zipinda zimakhala mkati mwa nyumba ndipo zambiri zili ndi kakhonde kokhalapo madzulo. Zimenezi n'zabwino ndithu, koma munthu amene watuluka 7 koloko m'mawa n'kubwerako 10 koloko usiku miyendo ili lendelende sakhala pa khonde. Amangosamba n'kudziponya pabedi.

Chimene ndalama zowonjezerazo zimagula kwenikweni, m'kuona kwanga, ndi kufupika kwa mtunda. Walt Disney World ndi dera la masikweya kilomita pafupifupi 100, ndipo mapaki ake anayi, Magic Kingdom ya mu 1971, EPCOT ya mu 1982, Hollywood Studios ya mu 1989 ndi Animal Kingdom ya mu 1998, ndi otalikirana moti palibe amene angayende wapansi kuzungulira onsewo. Alendo a m'mahotela ambiri apakati amadalira mabasi aulere a Disney, omwe masana amayenda bwino ndithu, koma amaonetsa kuipa kwake usiku makombola a ku Magic Kingdom akangotha. Nthawi imeneyo khamu lonse limatuluka pachipata kamodzin'kamodzi kulunjika kumasiteji. Pamzere pamakhala bambo atanyamula mwana wogona paphewa, dzanja linalo akulimbana ndi kupinda chikuku, chifukwa m'basi chikuku cha mwana sichiloledwa chisanapindidwe, mayi atakolekera zikwama ndi mabotolo a madzi m'mikono yonse. Basi ikafika, dalaivala amayamba wakweza anthu oyenda pa njinga za aulumali n'kumangirira njingazo ndi malamba, zomwe n'zoyenera koma zimatenga nthawi, ndipo mzere ukatalika ambiri amadikira basi yachiwiri kapena yachitatu, kenako n'kuyenda choimirira mpaka kuhotela.

Mlendo wa ku Contemporary, hotela yapamwamba yomwe inatsegulidwa limodzi ndi Magic Kingdom mu 1971, zonsezi sazidziwa. Iye amatuluka pachipata chomwecho, n'kukhotera kanjira ka oyenda pansi, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 10 amakhala ali m'chikepe kukwera kuchipinda chake, mwana ali chigonere m'chikuku. Sitima ya njanji imodzi yotchedwa monorail imadutsa mkati mwenimweni mwa nyumba ya hotelayi, n'kukaimanso ku Polynesian Village ndi ku Grand Floridian, ndipo m'sitimayi chikuku chimangolowa osapinda. Phindu la kufupikaku limaoneka kwambiri kuyambira Juni mpaka Seputembala, pomwe dzuwa la ku Florida limaswa mtengo, kutentha n'kupitirira madigiri 32, ndipo masana ambiri kumagwa mvula yamabingu. Banja lokhala pafupi limatha kuchoka m'paki 1 koloko masana, ana n'kugona, n'kusambira, kenako n'kubwereranso madzulo kunja kutapola. Banja lodalira basi likhozanso kutero, koma ulendo wopita ndi wobwerera, kuphatikizapo kudikira pasiteji, umadya nthawi yoposa ola, ndipo ambiri amangosankha kupirira m'paki tsiku lonse mpaka ana atayamba kuvuta.

Gulu lina la mahotela apamwamba lili kuseri kwa EPCOT, mozungulira kanyanja kotchedwa Crescent Lake: Yacht Club ndi Beach Club a mu 1990, ndi BoardWalk Inn ya mu 1996. Kuchokera ku Beach Club munthu amayenda mphindi zosakwana 10 kukalowa m'paki pa chipata chakumbuyo cha International Gateway, chomwe chili pakati pa zigawo zoimira dziko la France ndi la United Kingdom, ndipo ku Hollywood Studios amapita pa boti kapena wapansi mphindi pafupifupi 20. Kwa ine awa ndiwo mahotela omwe mtengo wake umamveka bwino kuposa ena onse, chifukwa amafupikitsa mapaki awiri osati imodzi, komanso Yacht Club ndi Beach Club amagawana dziwe losambiramo la Stormalong Bay, lomwe pansi pake pali mchenga ndipo ndi lalikulu moti ana akhoza kutherapo tsiku lathunthu osafunsa za paki. Mahotela apakati nawo ali ndi maiwe abwino okhala ndi potsetserekera, koma palibe lofanana ndi limeneli, ndipo ogwira ntchito amaonetsetsa kuti olowamo ndi alendo a mahotela awiriwo basi.

Komabe pali mfundo yomwe otsatsa malonda saitchula mokweza. Palibe hotela yapamwamba yomwe ili pafupi ndi mapaki onse. Mlendo wa ku Contemporary amakwerabe basi popita ku Hollywood Studios, wa ku Beach Club amakwerabe basi popita ku Magic Kingdom, ndipo ku Animal Kingdom alendo onse amapita pa basi kapena pa galimoto, posatengera kuti alipira zingati. Mabasi a mahotela apamwamba sathamanga kuposa a mahotela apakati, ndipo nthawi zina basi imodzi imazungulira mahotela awiri kapena atatu oyandikana isanalunjike kupaki. Choncho amene akufuna kugawa masiku ake mofanana m'mapaki onse anayi adziwe kuti theka la masikuwo adzaima pamzere ngati wina aliyense, atalipira kawiri.

Animal Kingdom Lodge, yomwe inatsegulidwa mu 2001, ndi yomwe ndimaikayikira kwambiri pa nkhani imeneyi. Ndi hotela yokongola, yokhala ndi malo odyera otchuka monga Boma ndi Jiko, ndipo nyamalikiti ndi mbidzi zimadya msipu pafupi ndi makonde a zipinda. Koma ili kumapeto kwenikweni kwa derali, ilibe sitima kapena boti, ndipo mapaki onse amafikiridwa pa basi. Kwa munthu wa ku Ohio ku America amene sanaonepo nyamalikiti kunja kwa mpanda wa zuu, kuonera nyamazi ali pakhonde n'chinthu choyenera kulipira; kwa amene anafikapo ku South Luangwa kapena ku Majete, si chifukwa chokwanira chowonjezera madola mazanamazana usiku uliwonse. Komanso malo odyera a m'mahotela apamwamba salandira ogona komweko okha. Mlendo wa hotela yapakati akhoza kusungitsa tebulo ku Boma, kapena ku California Grill pamwamba pa Contemporary pomwe makombola a ku Magic Kingdom amaonekera bwino, n'kubwerera kukagona kwake kotsika mtengo.

Mbali ya mahotela apakati inalimba kwambiri mu Seputembala 2019, pomwe Disney inatsegula Skyliner, tingolo toyenda m'mwamba titalendewera pa chingwe. Likulu la tingoloti lili ku Caribbean Beach, hotela yapakati ya mu 1988, ndipo kuchokera pamenepo munthu amafika ku Hollywood Studios m'mphindi zochepa chabe, ndiponso ku EPCOT amatsikira pa International Gateway pomwe pamalowera alendo a ku Beach Club. Tingoloti timabwera motsatana osalekeza, choncho ngakhale mzere utatalika umayenda msanga. Pa mtengo wapakati, mlendo amapeza gawo lalikulu la mwayi womwe kale unali wa olemera okha. Zovuta zake ndi ziwiri: Skyliner imaimitsidwa kunja kukachita ziphaliwali, zomwe zimachitika kawirikawiri m'miyezi yotentha, ndipo Caribbean Beach ndi yotambalala kwambiri moti wopatsidwa chipinda chakutali amayenda mtunda ndithu asanafike pokwerera kapena kumalo odyera. N'chifukwa chake kuwonjezera pang'ono kuti munthu apeze chipinda chapafupi ndi pakati pa hotelayi si kuwononga ndalama.

Port Orleans French Quarter, ya mu 1991, ili ndi ubwino wosiyana. Ndi yaing'ono kuposa mahotela ena onse apakati, zipinda zake ndi 1,000 ndi zochepa, siteji ya basi ndi imodzi yokha, ndipo palibe chipinda chomwe chili kutali ndi chilichonse. Boti limanyamula alendo pa mtsinje wa Sassagoula kupita ku Disney Springs, komwe kuli masitolo ndi malo odyera ambirimbiri, zomwe zimathandiza chifukwa hotelayi ilibe lesitilanti yokhala pansi n'kuperekeredwa chakudya. Mnzake Port Orleans Riverside ndi yaikulu kawiri, koma ili ndi zipinda zogona anthu asanu, chinthu chofunika kwa banja la ana atatu lomwe likanakakamizika kulipira zipinda ziwiri. Coronado Springs imalandira misonkhano ikuluikulu, motero imakomera akuluakulu kuposa ana, ndipo nsanja yake ya Gran Destino ya mu 2019 ili ndi maonekedwe a hotela yapamwamba, ngakhale kuti mayendedwe ake ndi a basi okhaokha.

Pa mwayi wapadera womwe alendo amapatsidwa, magulu awiriwa sasiyana kwambiri. Onse amalowa m'paki mphindi 30 anthu ena asanayambe kulowa, onse amatha kugula malo a mzere wachidule wa Lightning Lane masiku 7 asanafike pomwe ogona kunja amaloledwa masiku 3 okha, ndipo kuyambira mu Januwale 2023 onse salipira poimika galimoto pahotela. Basi yaulere yochokera kubwalo la ndege inatha kwa onse kumayambiriro kwa 2022. Chokhacho chomwe ndi cha alendo apamwamba ndi maola awiri owonjezera usiku, pa masiku osankhidwa, paki itatsekedwa kwa ena onse. Kwa achinyamata ndi akuluakulu ndi mwayi weniweni, chifukwa mizere imafupika kwambiri. Kwa banja la mwana wa zaka 4 ndi mwayi wa pa pepala chabe, popeza nthawi imeneyo mwanayo amakhala atagona kalekale.

Ndikayika zonsezi pa sikelo, banja lopita koyamba, lomwe likufuna kuona mapaki onse anayi ndipo lidzakhala kunja kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndingalilangize Caribbean Beach kapena French Quarter, ndalama zotsalazo ligwiritse ntchito powonjezera tsiku limodzi lopuma pakati pa ulendo. Banja la ana aang'ono kwambiri, kapena loyenda ndi agogo omwe sangapirire kuima pamzere wa basi usiku, ndipo mtima wake uli pa Magic Kingdom, lipindula ndi Contemporary, makamaka zipinda za m'nyumba yake yam'munsi ya Garden Wing zomwe zimatsikirapo mtengo kusiyana ndi za munsanja. Okonda EPCOT ndi Hollywood Studios ayerekeze mtengo wa Beach Club ndi wa Swan ndi Dolphin, mahotela a kampani ya Marriott omwe ali m'dera lomwelo ndipo kawirikawiri amatsika mtengo, koma akumbukire kuti kumeneko pamawonjezeredwa ndalama ya tsiku ndi tsiku pamwamba pa mtengo wa chipinda, ndiponso kuimika galimoto n'kolipira.

Pali njira inanso yomwe odziwa malowa amaikonda, yogawa ulendo pawiri: masiku oyamba kugona kuhotela yapakati n'kumalizirako Animal Kingdom ndi Hollywood Studios, kenako masiku awiri kapena atatu omaliza kusamukira kuhotela yapamwamba yoyandikana ndi paki yomwe banjalo likuikonda kwambiri. Ndi bwino kuyamba ndi yapakati n'kumalizira yapamwamba, chifukwa miyendo imatopa kwambiri kumapeto kwa ulendo, ndipo kuchoka ku Beach Club kupita kuchipinda chopanda khonde kumawawa kuposa kusamukira kuhotela yapamwamba. Disney imasamutsa katundu pakati pa mahotela ake popanda malipiro: mlendo amasiya masutikesi kwa onyamula katundu m'mawa, n'kupita kupaki, n'kukawapeza kuhotela yatsopano. Chipinda chakale chimayenera kutulukidwa pofika 11 koloko m'mawa, chatsopano chimaperekedwa kuyambira 3 koloko masana, ndipo masutikesi amatha kufika madzulo ndithu, choncho mankhwala, zovala zosambira ndi matewera a mwana ziyenera kukhala m'chikwama cha m'manja tsiku losamukalo.