Kanyumba ka mbiri ya tiyi ku Thyolo: nyenyezi zitatu mwa zisanu

Tinapitako Loweruka lapitali ndi amayi aang'ono komanso mwana wanga wa Sitandade 7. Malowa ali pa esiteti ina ya tiyi chakufupi ndi Luchenza, m'nyumba yakale ya njerwa yomwe kale ankasungiramo katundu. Kumsewu kulibe chikwangwani, moti wakabaza anatipitiriza kawiri mpaka tinachita kufunsa amayi ogulitsa nthochi. Ndalama yolowera ndi yochepa ndithu, pamenepo sindingadandaule.

Chipinda choyamba ndi cha zithunzi ndi mamapu, ndipo chakonzedwa bwino. Mumawerenga kuti tiyi anayamba kubzalidwa ku Blantyre Mission mu 1878, kenako Henry Brown anakamubzala ku Mulanje cha mu 1891, ndipo minda inakula khofi atakanika. Pali mapu a njanji yomwe inatsegulidwa mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera pa Luchenza mpaka ku Blantyre. Mwana wanga anaseka poona kuti azungu ankalemba "Cholo" ndi "Mlanje". Ine chomwe chinandigwira mtima ndi chithunzi cha siteshoni itadzaza mabokosi a tiyi. Amene mukuidziwa Luchenza ya lero mukhoza kukana kuti ndi pomwepo.

Koma zolemba zonse zili m'Chingerezi. Amayi aang'ono, omwe anathyola tiyi zaka zambiri asanayambe kuvutika msana, anangoyenda mmenemo ngati mlendo, ine ndikuwamasulira. Mzungu aliyense pa chithunzi ali ndi dzina, ngakhale galu wake. Anthu akuda makumi angapo omwe aima kumbuyo ndi madengu angolembedwa kuti antchito.

Chipinda chachiwiri ndiye chinabweza ndalama yanga. Muli sikelo yolendewera yoyezera masamba, chitsulo cha njanji chomwe ankachimenya m'mamawa poitana anthu ku ntchito, mabuku a kalaliki a mapepala ofiirira, ndi dengu lakale lobereka kumsana. Amayi ataliona dengulo sanafunsenso. Analinyamula, nalowetsa manja m'zingwe, n'kuyamba kuonetsa mdzukulu wawo mmene amathyolera: masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri, n'kuponya kumbuyo osacheuka. Bambo otiyendetsa, achikulire ndithu, anayamba ndi kuti, "Pepani amayi, zimenezi sitigwira." Ataona zala zikuthamanga m'malere, anangoseka n'kufunsa kuti, "Kodi munali mbali iti?" Apo ndiye zinayambika. Anakumbutsana za akapitawo obweza dengu lonse akapezamo masamba okhwima, za mame a m'mawa onyowetsa mpaka m'chiuno, ndi mzere wa pa sikelo pomwe aliyense ankayang'anitsitsa cholembera cha kalaliki.

Bambowa ndi amenenso anatifotokozera za thangata, nkhani yomwe pakhoma yangopatsidwa mizere iwiri. Mawuwo kwathu amatanthauza kuthandizana, koma pa esiteti anasanduka lendi: ukakhala pa malo a mzungu, unkalipira ndi ntchito, kuwonjezera pa msonkho wa boma. Ambiri omwe anakumana nazo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe analibe kwina kolowera. Thangata yemweyu anali m'gulu la madandaulo a John Chilembwe mu 1915, ndipo anathandiza kuyatsa zipolowe za ku Thyolo mu 1953, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anathetsedwa mu 1962. Mwana wanga analemba zonsezi kuseri kwa risiti chifukwa kope analiiwala. Funso langa kwa eni malowa ndi lakuti, bambo amenewa akadzapuma, nkhanizi adzazinena ndani? Ajambuleni mawu nthawi ikadalipo, foni yokha ikwanira. Ndipo anthu a pa zithunzi aja, adzukulu awo ali m'midzi yomweyi, maina angapezeke.

Zina zofunika kukonza ndi zazing'ono. Magetsi anathima tili mkati ndipo mawindo ndi aang'ono, choncho mabuku aja tinawaona ndi tochi ya pafoni. Fumbi pa magalasi ndi lambiri. Kuchimbudzi kunalibe madzi.

Pomaliza amakupatsani kapu ya tiyi wa pamunda pomwepo, wofiira bwino, ndipo mukhoza kugula paketi. Amayi anati aka kanali koyamba kumwa tiyi atakhala pampando mkati mwa mpanda wa esiteti.

Ngati mukupita, konzekerani ola limodzi ndi theka, tengani juzi chifukwa chiperoni sachenjeza, ndipo pofika funsani ngati bambo achikulire aja alipo. Akakhala kulibe, mphindi makumi awiri zikukwanirani. Ngati kwanu kuli agogo omwe anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi, musawasiye.