Miyezi isanu ndikuyesa Fedora pa laputopu yakaunjika: nyenyezi zinayi

Ndimakonza makompyuta ndi mafoni pa kashopu kena ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Fedora, pulogalamu yaulere ya Linux yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndinayamba kuigwiritsa ntchito nditatopa ndi mavairasi obwera ndi mafulashi a makasitomala. Koma lero sindikunena za Fedora yeniyeniyo ayi. Ndikunena za ntchito yodzipereka yoyesa mapulogalamu ake asanafike kwa anthu onse, imene eni ake amangoti QA.

Kulowamo n'kosavuta. Mumatsegula akaunti ya Fedora, basi. Safunsa satifiketi, simulipira kanthu, komanso musayembekezere kulandira kanthu. Mnzanga wogulitsa mayunitsi pafupi ndi shopu yanga atamva zimenezi anaseka mpaka misozi. "Achimwene, ndiye mukugwira ganyu yaulere?" Ndinamuyankha kuti pulogalamu imene ikundidyetsa tsiku ndi tsiku sindinaigule ndi tambala yomwe, ndiye ndikamathandizako kulambula msewu umene ndimayendamo, palibe amene akundidyera masuku pamutu.

Fedora yatsopano imatuluka kawiri pa chaka, cha mu Epulo ndi cha mu Okutobala, ndipo iliyonse amaisamalira miyezi pafupifupi 13. Choncho zoyesa sizitha. Ine chimene chinandikoka kwambiri ndi Bodhi, webusaiti imene oyesa amaperekerapo ndemanga pa mapulogalamu okonzedwa kumene. Pulogalamu ikakonzedwa, siipita kwa anthu nthawi yomweyo. Imayamba yakhala m'nkhokwe yotchedwa updates-testing. Inu mumaitenga polemba kuti sudo dnf upgrade --enablerepo=updates-testing, n'kumagwira ntchito zanu monga mwa nthawi zonse. Pakapita tsiku kapena awiri mumakapereka chimene amati karma: +1 ngati zonse zili bwino, -1 ngati china chasokonekera. Kawirikawiri ikapeza +3 imatumizidwa kwa aliyense, ikafika -3 amaibweza. Tsiku limene ndinaona kuti +1 wanga ndi amene wakwanitsa atatuwo, ndinakhala kaye phee, kuganiza kuti kachala kanga ka ku Area 25 katsegulira chitseko anthu a dziko lonse.

Laputopu yanga ndi yakaunjika, ndinaigula cha ku Malangalanga. RAM ndi 4 GB, batire limangokhala mphindi makumi awiri. Poyamba ndinkachita nayo manyazi. Sabata yachitatu ndinaika kernel yoyesera (kernel ndiye mtima wa Fedora, wolumikiza mapulogalamu ndi zida za kompyuta), madzulo n'kutseka chivindikiro monga mwa chizolowezi. M'mawa kutsegula, sikirini bii. Kudina apa, kudina apo, zii. Ndinatuluka thukuta chifukwa munali zithunzi za chinkhoswe za kasitomala wina, ndipo ndinali ndisanazikopere pena. Limenelo linali vuto langa ndekha, munthu sayesera pa makina osungira katundu wa eni. Chinandipulumutsa n'chakuti Fedora imasunga makernel atatu. Ndinaizimitsa mokakamiza, poyatsanso ndinasankha yakale pa GRUB, kamndandanda kosankhirapo kernel, n'kupeza zithunzi zonse zilipo.

Lipoti langa loyamba pa Bugzilla, webusaiti yokanenako zovuta za mapulogalamu, linali lochititsa manyazi. Ndinangolemba kuti laputopu siikudzuka. Amene anandiyankha sanandinyoze. Anandifunsa mtundu wa makinawo, nambala ya kernel imene ikuvuta ndi imene ikugwira bwino, n'kundiuza kuti ndilembe journalctl -b -1 kuti ndione zimene zinalembedwa pa ulendo umene inafera uja. Ndinazindikira kuti ndachita zomwe makasitomala anga amandichita, kubwera ndi foni n'kungoti "yangosiya yokha, amisiri". Kuyambira pamenepo ndimalemba ndondomeko yonse: ndinachita chakuti, ndimayembekezera chakuti, chachitika ndi chakuti. Ngakhale pa shopu mafunso anga kwa makasitomala asintha.

Ndipo manyazi aja ndi laputopu yanga anatha. Mmene ndikuonera, makina otopa ngati athuwa ndi amene akufunika kwambiri pa ntchito imeneyi. Wolemba pulogalamu sangakhale ndi kompyuta ya mtundu uliwonse patebulo pake. Ya batire lakufa, yozima mwadzidzidzi magetsi akathima, yomwe yadutsa m'manja mwa anthu anayi isanafike kwa ine, imaulula zinthu zimene makina atsopano amabisa.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha bandulo. ISO, fayilo yoikira Fedora Workstation pa kompyuta, imaposa 2 GB, ndipo nthawi ya Beta, pamene Fedora yatsopano imatulutsidwa kuti iyesedwe kaye, mungafunike kutsitsa kangapo. Onjezanipo maapudeti a sabata iliyonse. Ntchitoyi amati ndi yaulere, koma kwathu kuno muilipira ndithu, kudzera pa foni. Tsiku lina magetsi anathima kutsitsa kutatsala pang'ono kutha, batire langa lija n'kundigwiritsa fuwa lamoto. China, malangizo ndi a m'Chingerezi cha amisiri. Mawu ngati blocker ndi regression ndinawazolowera patapita nthawi.

Amene mukufuna kuyamba, dikirani Test Day, nthawi imene a Fedora amaitana anthu kuti ayese chinthu chimodzi pamodzi, makamaka sabata yoyesa kernel. Amakupatsani zoti mutsatire mwatsatanetsatane, mumayendetsa kapulogalamu koyesera ka runtests.sh, n'kutumiza zotsatira. Bandulo yake siifika pa ya ISO yathunthu. Mukafuna kuyesa Beta, ikani pa fulashi ndi Fedora Media Writer, muyatsire pomwepo osakhudza hadi disiki. GNOME Boxes, pulogalamu yoyendetsera Fedora ina m'kati mwa imene muli nayo, nayo ilipo, kungoti pa 4 GB imayenda ngati nkhono. Rawhide, Fedora yosamalizidwa imene imasintha pafupifupi tsiku lililonse, isiyeni kaye.

Beta ikubwerayi ndakonzekera kale. Fulashi ya 8 GB ndaipatula, ndailemba ndi penti wa m'zala kuti wina asaikemo nyimbo, ndipo alamu anga ogwira ntchito ku City Centre avomera kuti ndidzapite Loweruka kukatsitsira pa Wi-Fi yawo, bola ndidzawakonzere pulinta.