Giza ya machubu kapena yathyathyathya: ku Mzuzu kuno yabwino ndi iti?

Aliyense amene anasambapo mbandakucha wa mu Juni kuno ku Mzuzu, nkhungu itakuta kuyambira Katoto mpaka Luwinga, akudziwa kufunika kwa giza ya dzuwa. Ine ndagwiritsapo ntchito zonse ziwiri: yathyathyathya pa nyumba ya lendi ku Chibavi, ya machubu pa yanga ku Mchengautuwa.

Yathyathyathya ndi bokosi la mapaipi a kopa lovundikiridwa ndi galasi. Njolimba, mwana akaphonya mbalame ndi legeni siisweka wamba, ndipo mu Okutobala madzi ake amawotcha ndithu. Koma m'bokosimo muli mpweya, ndipo mpweyawo umaba kutentha n'kukupereka kunja. Tsiku la mitambo ndi kamphepo ka ku Viphya, madzi ankangofunda pang'ono, mayi a kunyumba n'kuyatsabe mbaula.

Ya machubu ili ngati fulasiki ya tiyi. Chubu chilichonse, nthawi zambiri chotalika mamilimita 1,800 ndi kunenepa 58, chili ndi magalasi awiri, lina mkati mwa linzake, ndipo pakati pawo anachotsapo mpweya. Kutentha kukalowa kumasowa potulukira. Mudzagwire chubu masana: kunja n'kozizira, pomwe madzi mkatimo akhoza kukusupulani chala.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pampu yochotsa mpweya ya kufakitale siimaliza ntchito yonse. Akatseka chubu, galasilo limapitiriza kutulutsa timpweya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kunsi kwake amaikako kachitsulo kotchedwa barium, akatswiri amati getter. Amakatenthetsa mpaka kamatirira pagalasi, kenaka kamayamwa okosijeni, naitirojeni, chinyezi ndi timpweya tina, n'kutisandutsa zinthu zouma zosabwereranso. Nzeruyi njakale. Arturo Malignani wa ku Italy ankachita zofananazo ndi phosphorus m'mababu a magetsi m'zaka za m'ma 1890, ndipo amene munatsegulapo wailesi yakale ya mavalavu munaona kadontho konyezimira komweko.

Barium yemweyo ndiye mboni yanu pogula. Kunsi kwa chubu kukamanyezimira ngati kalirole, chubucho n'chamoyo. Kukayera mbuu ngati ufa woyera, mpweya unalowa kale, mwagula botolo chabe. Ine ndinaphunzira mochedwa. Pa machubu 15 amene ndinagula, awiri anali oyera kunsi, ndipo ndinadzawaona patatha miyezi, nditakwera padenga n'kuchotsa tizivindikiro takuda timene timabisa malowo. Zinandipweteka mumtima, chifukwa kuyang'ana kukanangonditengera mphindi zochepa ndili m'sitolo.

Zovuta nayo ili nazo. Pa giza zotsika mtengo madzi amalowa m'chubu mwenimwenimo, choncho chimodzi chikasweka, thanki yonse imakhuthukira pamalata. Komanso madzi akasiya kutuluka m'mipopi machubu n'kuuma padzuwa, musayerekeze kudzazamo madzi ozizira masana, amathetheka. Dikirani usiku kapena m'mamawa. Ubwino wake, chubu chosweka amangochizula n'kulowetsa china, pomwe yathyathyathya ikayamba kudontha mkati mumafunika munthu wowotcherera kopa.

Ndikanakhala ku Karonga kapena ku Nkhata Bay kotentha kuja, ndikanatenga yathyathyathya osaganiza kawiri. Kuno kumtunda ndatsalira pa ya machubu, ndipo machubu awiri apadera ndinawakulunga m'bulangete lakale, ali pamwamba pa kabati.