Chainsaw ija patha miyezi 9: nkhuni, zitsa ndi zomwe sindinawerengere

Mu Epulo chaka chathachi, 2024, ndinakagula chainsaw pa sitolo ina ku Limbe, ndipo sabata yoyamba ndinkauza aliyense kuti mavuto a chilimwe ndathana nawo. Ndinkati makinawa abweza ndalama yake pasanathe miyezi iwiri. Pano ndi Januwale, mvula yabwerera, inenso ndabwerera kotchetcha kapinga, ndiye ndinene mmene zayendera chifukwa ena mwa anzanga ndinawatengetsa mtima ndi kuyamikira kwanga kuja.

Ntchito yanga ndi yosamalira pakhomo pa anthu kuno ku Zomba, kutchetcha, kudulira maluwa a kumpanda, kubzala, makamaka cha ku Mulunguzi, Old Naisi ndi Kalimbuka. Kuyambira Disembala mpaka Epulo foni siipuma, udzu umakula ngati ukuthamangitsidwa. Koma ikangofika Juni kapinga wauma, abwana ambiri sathirira poopa bilu ya madzi, ndiye umangomva kuti "tidzakuyitanani mvula ikagwa". Anyamata awiri omwe ndimagwira nawo amangokhala akundiyang'ana pakamwa. Pulani inali yoti nthawi imeneyoyo tizidula mitengo m'mapuloti a anthu omwe akufuna kumanga, nkhunizo tizigulitsa.

Makinawo paokha ndilibe nawo mlandu waukulu. Si aja a dzina otchuka, ndi apakatikati, koma bulugamu woti ndi nkhwangwa tikanatha naye mmawa wonse amagwa tiyi asanazizire. Chingwe cholizira chinaduka mwezi wachitatu, ndinasintha ndekha. Pulagi ndasintha kawiri. Buku lake limati petulo usakanize ndi oyilo wa two-stroke 25 kwa 1, kutanthauza 40 ml pa lita, ndipo ndimayeza ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa komwe ndinalemba mzere, zongoyerekeza ndi maso ayi. Chomwe chinandipweteka ndi oyilo wa tcheni. Tsiku lina watithera tili kutchire, mnyamata wanga anathira oyilo wakuda wochotsa mu galimoto, akuti aliyense amatero, patangotha masiku angapo kapampu ka oyilo kanatsekeka, tcheni n'kumayenda youma mpaka chitsulo chomwe tcheni imayendapo chinasintha mtundu ndi kutentha. Sabata yathunthu makina ali kwa makaniko. Ndiye kunola, eee, palibe anandiuza kuti theka la ntchitoyi ndi kukhala pansi ndi tupa. Tcheni ikangokhudza dothi kamodzi basi yabuntha, umaona utuchi ukutuluka wosalala ngati ufa mmalo mwa tizipalipali, ukatero dziwa kuti ukungowotcha petulo.

Koma nkhani yeniyeni si makina. Ndi dilu yoyamba ija.

Bambo wina anali ndi puloti cha ku Thondwe yodzaza ndi bulugamu. Tinayenda nayo mbali zonse, iye manja kumbuyo, kenako anati, "Achimwene, ine ndalama ndilibe, ndikungofuna malo. Dulani, nkhuni zonse ndi zanu." Ine mumtima ndinati apa ndiye ndatola chikwama. Masiku anayi mitengo yonse inali pansi, tadula zipika, ndikuwerengera kale phindu. Tsiku lachisanu bambo uja wabwera, wayima pa chitsa chimodzi, akuchigogoda ndi nsapato. "Nanga izi achimwene, fandeshoni ndikumba bwanji?" Kwa iye kuyeretsa malo kunali ndi zitsa zomwe, kwa ine kunali kugwetsa mitengo basi, ndipo sitinalembe kalikonse. Komanso amanena zoona, bulugamu ukamusiya chitsa amaphukanso, chaka chamawa wapezanso nkhalango. Zitsa zinalipo 31. Chainsaw pamenepo ilibe ntchito chifukwa cha dothi lija, ndi piki, khasu ndi nkhwangwa, kukumba mozungulira, kudula mizu umodzi umodzi, dothi la Meyi layamba kale kuuma. Tinatha masabata atatu, anyamata ndikuwalipira tsiku ndi tsiku kuchokera m'thumba mwanga, nkhomaliro yomwe, pomwe nkhuni sindinagulitse ngakhale mtolo umodzi.

Chifukwa nkhuni zaziwisi si katundu. Ichi ndiye ndinachiphunzira pa msika wa Mpondabwino pamaso pa anthu. Ndinapita ndi zowaza bwinobwino, zooneka zouma kunja, mayi wina wokazinga mandasi anatenga ziwiri n'kuzimenyanitsa pafupi ndi khutu, kenako anakanda ndi chikhadabo pomwe ndinawaza. "Bambo, izi zikafika pamoto zikalira thovu. Mukufuna ndikhale ndikupemerera tsiku lonse?" Anzake kuseka. Zouma zimalira kuti ngwe, zanga zinkangoti phu. Bulugamu amafuna miyezi, makamaka ukadula nthawi yozizira ya Juni ndi Julaye chiperoni chikumatsika m'phirimu, ndiye ndalama yako imakhala itagona pa mulu pomwe iwe ukufuna kudya lero. Kuwaza kumafunika akadali wamuwisi, akauma amalimba moti nkhwangwa imangodumpha. Ndipo osasanja pansi penipeni. Mendulo imodzi, mulu wa nkhuni zosanja, ndinayisiya padothi kuseri kwa nyumba, pokayitembenuza mu Ogasiti mzere wapansi wonse chiswe chinali chitamata dothi, mkati mwangotsala mphako. Pano ndimayala miyala ndi mitengo iwiri yopingasa kaye.

Ogula nawonso amasiyana. Anyamata a chiwaya cha tchipisi paini samukana poti amayaka msanga ndi lawi lalikulu, koma mayi wophika nyemba kapena thobwa akuuza kuti paini ndi udzu, amatha mphika usanawire ndipo amadetsa mapoto. Mango amafuka utsi akapanda kuumitsitsa. Keshya ndi bulugamu ndiye savuta kugulitsa. Zogulitsa timilu pamsika ndinasiya msanga, sungapikisane ndi amayi osenza mitolo kuchokera kuphiri kapena abambo aja amatsika msewu wa Ku Chawe nkhuni atasanja panjinga kupitirira mutu, iwo petulo sagula. Komanso m'tauni muno ambiri anazolowera makala, ena ali ndi chitetezo mbaula yomwe imangofuna tinkhuni titatu. Omwe anandipulumutsa ndi owotcha njerwa. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mauvuni amakhala paliponse, ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Matawale, ndipo iwo amafuna zipika zikuluzikulu zosawaza, amatenga lole yonse kamodzi, ngakhale zitsa zija za ku Thondwe zinapita kumeneko. Kungoti amakonda ngongole, "njerwa zikagulidwa tikupatsani", wina mpaka lero akundizemba.

Thiransipoti imadya kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Puloti ikakhala kutali ndi msewu wa tala mwini lole amatchula mtengo wake woti phindu lonse lapita, ndiye kukweza ndi kutsitsa ndi ganyu inanso. Pamwamba pa izo mafuta anasowa mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yomwe geni inali itayamba kukoma. Pa filing'i petulo anali K2,530 pa lita koma kumupeza kwake, mizere usiku wonse, ndipo ndi chigubu sakuthira. Ndinkachita kupempha mlamu wanga wa kabaza akathire njinga yake, ine n'kupopa ndi kapaipi, kangapo ndamwa petulo ine. Wa m'mabotolo wa mumsewu ndinayesa kamodzi, makina anayamba kutsokomola, sindinabwerezenso.

Za malamulo musazitenge mwachibwana. Phiri la Zomba ndi la Malosa ndi nkhalango zotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, zilango zake si zamasewera. Ine ndisanadule ndimafuna mwini malo aonetse kuti ndi pake, kukakhala kumudzi amfumu adziwe, ndipo ndisananyamule ndimadutsa kaye ku ofesi ya Forestry kukatenga chikalata, chifukwa pa rodibuloko mawu apakamwa sathandiza. Mitengo yachilengedwe ndiye sindiikhudza. Wina cha ku Domasi anandiyitana kuti ndimudulire misuku ndi mombo pamalo otsetsereka m'mbali mwa mtsinje, ndalama yake inali yabwino ndithu, ndinakana. Amene anaona zomwe madzi anachita nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 sangafunse chifukwa chake. Ndimadula zobzala, bulugamu, paini, malaina, keshya, ndi mitengo yoopseza nyumba.

Kuvulala sitinavulale, Mulungu ngwabwino, koma kamodzi nsonga ya chainsaw inagunda nthambi n'kudumphira m'mwamba, inadutsa pafupi ndi phewa langa, ndinakhala pansi kaye mphindi khumi osayankhula. Makutu amalira usiku. Ndinagula magalasi, zotseka m'makutu ndi jombo, zomwe ndikanagula tsiku loyamba lomwe.

Ndiye kodi makina abweza? Abweza, koma mu Novembala, osati mu Juni ngati ndinkadzitamira, ndipo chomwe chabweza si nkhuni kwenikweni. Kuyambira puloti yachiwiri ndinasintha kalankhulidwe: kudula kuli ndi mtengo wake, chitsa chilichonse mtengo wake pachokha, timalemba papepala tonse awiri n'kusaina, nkhuni timakambirana pambuyo. Ena amathawa akamva choncho, amakapeza wina woti adule mwaulere, ndipo ine ndimawasiya apite. Makasitomala anga a kapinga omwe ndi amene anandipatsa ntchito zokoma, kudulira nthambi zogwera padenga mvula isanayambe, ola limodzi walandira ndipo nkhuni watenga. Chaka chino ndikufuna kudula mu Meyi zambiri kuti zipeze owotcha njerwa zitauma, ndi kugula tcheni yachiwiri yosinthira.

Panopa chainsaw ndaikhuthula petulo, ili pa shelefu. Kuseri kwatsala mendulo zitatu za bulugamu zomwe ndafunditsa pepala lapulasitiki pamwamba pokha kuti mphepo izidutsa m'mbali. Ndi mvulayi nkhuni zouma zasowa m'tauni, ndipo dzulo mayi wa mandasi uja anatuma mwana kudzafunsa ngati ndikadali nazo. Ndamuuza abwere yekha adzazimenyanitse.