Kuyeza maginito kobadwira mapulaneti: ALMA kapena miyala yogwa kumwamba?

Nyenyezi yongobadwa kumene imazunguliridwa ndi chimbale cha fumbi ndi mpweya, momwe mapulaneti amaumbikira. Mphamvu ya maginito imathandiza kukankhira mpweyawo ku nyenyezi. Wophunzira wa kuno ku Tete wofuna kufufuza zimenezi ali ndi njira ziwiri.

ALMA, makina a ma antena 66 ku Chile, amaona kuwala kwa fumbi lozungulira nyenyezi zakutali monga HL Tau, ndipo kuwalako kumatha kusonyeza komwe maginito aloza. Vuto lake, kuwalako kumasokoneza: nthawi zina fumbi limangomwaza kuwala, maginito osakhudzidwa n'komwe.

Miyala ndiyo imandigwira mtima. Mwala wa Semarkona, womwe unagwa ku India mu 1940, unasunga maginito a nthawi imene dzuwa lathu linali khanda. Mu 2014 asayansi atauyeza anapeza ma microtesla (muyeso wa mphamvu ya maginito) pafupifupi 54, osasiyana kwenikweni ndi a dziko lapansi lero.

Mtengo: zimene ALMA inajambula kale zimapezeka mwaulere pa intaneti, mwala umafuna labotale yodula kunja.
Zotsatira: ALMA imaonetsa nyenyezi zambiri, mwala umanena za dzuwa lathu lokha, koma ndi nambala yogwirika.

Muli ku Ulongwe ndi kompyuta, masamu mumawakonda? Yambani ndi ALMA. Amene munaphunzira za miyala ndi migodi ya ku Moatize, njira yachiwiriyi ndi yanu.