Pulogalamu ya malipiro: nyenyezi 4 mwa 5, uthenga wake wokana ndi wosathandiza

Pulogalamuyi timakonzera malipiro a antchito pa kampani yathu yogulitsa zipangizo zomangira ku Chinika, muno mu Lusaka. Pa masamu ilibe vuto. PAYE (msonkho wa pa malipiro) ya ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, 5 peresenti ya NAPSA (thumba la penshoni) ndi 1 peresenti ya NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo) zimatuluka zolongosoka, moti tsiku la 10, lomaliza kupereka ndalamazi mwezi uliwonse, likamayandikira mtima umakhala m'malo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa nkhani ya variable, dzina loimira chinthu ngati alawansi m'mafomula a pulogalamuyi. Kampani itagula basi yonyamula antchito, alawansi ya thiransipoti inatha, ndiye ndinafuna kuzimitsa variable yake. Pulogalamu inakana, n'kungolemba kuti ikugwiritsidwabe ntchito. Pati? Zii.

Kukanako ndikugwirizana nako. Alawansiyo imalowa mu gross, malipiro onse asanachotsedwepo kanthu, pamene pamawerengedwa NAPSA (NHIMA imatengedwa pa basic yokha, malipiro opanda maalawansi). Ikanalola, fomula ya gross ikanatsala ikuloza chinthu chozimitsidwa, ma payslip n'kutuluka olakwika. Chimene chinandiwawa n'chakuti pulogalamu ikudziwa pamene variable yakodwa, chifukwa ndiyo yafufuza isanakane, koma munthu ikukusiya uzisakasaka wekha ngati singano yagwera mumchenga.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa ku ofesi yothandiza makasitomala. Anati, "Bambo, musathamangire kuzimitsa. Yambani mwaiika pa ziro, mutseke mwezi uno." Kenako tinayenda limodzi pa foni. Mu fomula ya gross tinaichotsa msanga, pa template ya payslip chimodzimodzi. Inakanabe. Kumene inabisala kunali ku gulu la antchito aganyu limene tinasiya kuligwiritsa ntchito kalekale. Mulibe munthu, koma gululo linali lotsegula, alawansiyo ili momwemo. Titaichotsa kumeneko, variable inazima osavutanso.

Anandichenjezanso kuti kuzimitsa n'kosiyana ndi kufufutiratu. Ma payslip akale amaifunabe variable imeneyo, ndipo zolemba za msonkho zimasungidwa zaka 6, choncho batani la delete musaliyandikire. Muyambe mwatenga backup, ndipo ngati muli ndi kope loyeserera, yesani kaye kumeneko.

Kodi ndingalimbikitse ena kugula? Inde, makamaka kampani imene ili ndi maalawansi ambiri. Kwa opanga pulogalamuyi pempho langa ndi limodzi: uthenga wokanawo uzibwera ndi mndandanda wa mafomula, malipoti ndi magulu amene variable ilimo.