Nyale zomiza m'madzi pa usodzi wa usipa: zomwe ndaona kuchokera dzinja kufika mwera

Ndimakhala ku Mzuzu, koma boti langa la matabwa ndi chilimira, ukonde waukulu wogwirira usipa, zili ku Nkhata Bay, mtunda wosakwana makilomita 50 kutsetsereka ndi msewu wa M5. Mvula itangoyamba ndinagulira anyamata anga nyale ziwiri za LED zomiza m'madzi, ina yobiriwira ina yoyera, zonse za mavoti 12 ndi mawati 30. Zadutsa dzinja lonse, zalawanso mafunde a mwera, ndiye tsopano ndikhoza kuzikamba mosakuluwika.

Nyalezo zikuyakabe. Chomwe chatidyera ndalama ndi waya, polumikiza wayayo, komanso batire, zinthu zomwe wogulitsa sazitchula n'komwe.

Ndiyambe ndi kumangirira, poti ndi pomwe tinakanganapo ndi mmisiri wa maboti. Nyale zina amazimanga kumbuyo kwa boti, kunsi kwa pomwe madzi amalekezera, ndipo waya amadutsa pabowo. Mmisiriyo anakana kwamtuwagalu. Anati, "Bwana, thabwa limafufuma m'madzi, likauma limanyala, bowo lomwe mwamata lero lidzadontha mwera ukayamba." Ndinamumvera. Komanso pa usipa nyale sikhala paboti lalikulu ayi, imakhala m'bwato la siginala, amene amasonkhanitsa nsomba n'kuzikokera kuukonde. Tinasankha zolendewera: chingwe, kachitsulo kolemetsa kunsi, n'kumiza mita imodzi kapena iwiri. Kulemera kuzikhala pachingwe, osati pawaya wamagetsi. Kukacha amazivuula, n'kupita nazo kunyumba. Padoko, chinthu chowala chosiyidwa paboti sichigonera kawiri.

Kodi zimakokadi usipa? Inde. Kuwala kumasonkhanitsa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, usipa n'kubwera kudzadya. Nyale ya pamwamba, kaya yaparafini yopopa ija kaya mababu a batire, kuwala kwake kwina kumanjanja pamadzi n'kutayika, makamaka nyanja ikavunduka. Yomiza ilibe vuto limeneli. Ubwino wina ndi wa nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija: zikadzuka panyanja zimaunjikira panyale ya pamwamba mpaka siginala kulephera kutsegula maso, pomwe ya m'madzi sizingaifike.

Koma siginala wanga, bambo wachikulire amene anakulira pa nyale zaparafini, anaona msanga chinthu chomwe sichinalembedwe pakatoni. Nyale ikamira kwambiri, usipa umasonkhana pansi, ndipo gombe la Nkhata Bay ndi lakuya ukangochoka pang'ono pamtunda. Tsono amayamba ataimiza, nsomba zikachuluka amaikweza pang'onopang'ono, kenako amaizimitsa n'kusiya ya pamwamba yokha kuti atsogolere gululo kuchilimira. Choncho nyale zakale sitinazitaye, zimagwira limodzi. Mwezi ukakhwima n'kuwala usiku wonse, zonse zimagonja chimodzimodzi, anyamata amakhala pamtunda kusoka maukonde.

Za mtundu, anyamata amakonda yobiriwira. Chodziwika n'chakuti madzi amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyamba, pomwe kobiriwira ndi kwabuluu kumafika patali. Ine pandowa zobwera kumtunda sindinaone kusiyana koti n'kulumbirira, koma amagona panyanja ndi iwo, ndiye ndikadzagulanso ndidzagula yobiriwira.

Tsopano batire. Mawati 30 pa mavoti 12 ndi ma amp 2.5. Nyale ziwiri kwa maola 10 zimadya 50Ah (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola), theka lenileni la batire ya 100Ah, ndipo batire ya asidi sifuna kutsitsidwa kupyola theka. Ukaipsinja mpaka nyale zitafiira, usiku ndi usiku, imafa msanga. Ya galimoto ndiye siyenera n'komwe, inapangidwira kuliza injini kwa kanthawi. Funani yolembedwa deep cycle, yomwe anthu amangoti ya sola. Vuto lathu linali kutchaja. Amene amadziwa mitambo ya kuno kumpoto mu Malichi ndi Epulo akumvetsa: sola imatha tsiku lonse osadzaza batire. Tinagula yachiwiri kuti zizisinthana, ndipo mtengo wake unaposa wa nyale zonse ziwiri.

Pakatoni panalembedwa IP68, kutanthauza kuti nyale ikhoza kukhala m'madzi nthawi yaitali. Chizindikirocho n'cha nyale, si cha pomwe mwalumikiza waya. Wayawo unabwera waufupi, ndipo wamagetsi wina wa m'tauni muno anauwonjezera pongopota n'kukulunga tepi. Chinyezi chinalowa, kopa anada n'kuchita zobiriwira, nyale yoyera inayamba kuphethira. Mwayi wake nyanja yathu si yamchere, bwenzi zitaola kale. Tinadula, kuwotcherera ndi soda (solder), kuveka kapaipi konyala ndi moto kokhala ndi guluu mkati, ndipo polumikizapo tinapasiya m'bwato, osati m'madzi. Waya akhale wonenepa, poti pa mavoti 12 waya woonda wautali umadya mphamvu nyale isanalandire. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni. M'bwato la mtengo, waya ukagundana popanda fyuzi ndi moto.

Nyalezi zimazizira ndi madzi, choncho siziyatsidwa pamtunda kupitirira kamphindi koyesera. Achinyamata amafuna kuunikira nazo pothandala poyanika usipa, ndaletsa. Galasi limachita ndere ndi litsiro, amalipukuta ndi kansalu konyowa, osati mchenga monga atsukira mapoto, chifukwa likakalika kuwala kumachepa. Yoyera ija yayamba chifunga pang'ono mkati, chizindikiro choti mphira wake ukutopa, ndipo sindikuyembekeza kuti ifika dzinja likubwerali.

Ndalama ya parafini ndiyo yatsika kwambiri, ndipo galasi losweka ndi mafunde tinaliiwala. Amene muli ndi batire yabwino kale, gulani nyale imodzi yolendewera muyese. Ngati mulibe, yambani mwafunsa mtengo wa batire ziwiri ndi sola yake musanapite kukasankha nyale.